Kuti Nyimbo Ikudyetseni

Ana anga a ku Balaka ndi ku Machinga, pali bodza lina lokoma limene mwakula nalo, lakuti munthu akangobadwira kuno ndiye kuti nyimbo ili kale m'magazi mwake. Mumamva a ku Lilongwe ndi a ku Mzuzu akunena kuti Balaka ndi kuchimake kwa oyimba, inu n'kumadziguguda pachifuwa. Mayina mumawatchula mosaphonya: Paul Banda, Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Charles Nsaku, ndi ena amene anadzakhwimira pano monga Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro. Luso lilipo, zimenezo sindikutsutsa. Koma luso lili paliponse. Ku Nsanje aliko anyamata a mawu okoma, ku Chitipa nakonso aliko, ndipo ambiri a iwo amakalamba osadyapo ngakhale tambala imodzi ya nyimbo. Chimene chinakweza Balaka si madzi a mu Rivirivi ayi. Kunali malo ophunzirira ntchito, kunali zida, ndiponso kunali akuluakulu okhala ndi nthawi yokubweza ukaphonya.

Mu 1978, pa parishi ya Akatolika ya Balaka, panabadwa Alleluya Band. Masiku amenewo mnyamata wa kumudzi akalakalaka gitala ankadzipangira yekha, ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, anaona zimene Paul Banda ndi anzake ankatha kuchita, nawathandiza kupeza zida zenizeni ndi malo oyeserera. Pambuyo pake Paul anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, imene ambiri ankangoitchula kuti IY. Inu amene mwabadwa situdiyo zili paliponse simungamvetse kukula kwa chinthu chimenechi. Kale malo ojambulira nyimbo anali owerengeka, ndipo oyimba ambiri ankadalira MBC ku Blantyre. Mwadzidzidzi mnyamata wa ku Ulongwe kapena ku Phalula ankatha kukwera njinga n'kukafika pamene nyimbo ikujambulidwa, n'kukhala pakona kumaonerera mmene akuluakulu akugwirira ntchito. Kuchokera m'chipinda chimenecho munatuluka kayimbidwe kamene dziko lonse linadzakatcha rege ya ku Balaka.

Tengani Lucius. Anabadwa mu 1970 m'mudzi wa Sosola, ndipo anayamba kuyimba ndi mkulu wake Paul ali ndi zaka 13. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chinatuluka mu 1994. Werengani nokha zaka zimene zili pakatipo. Ngakhale anali atakhwima kale mu Alleluya, mu 1993 anapitabe ku Johannesburg kukaphunzira nyimbo ku Dorkay House. Bandi yakeyake ya Zembani anadzaiyambitsa mu 1997. Ndiye inu mukabwera ndi foni m'manja, muli ndi nyimbo imodzi imene mwajambula Loweruka lapitali m'kachipinda ka mnzanu ku Liwonde, n'kumati madala tithandizeni kupeza manijala, ine ndimangokuyang'anani. Manijala woyang'anira chiyani?

Yambani mwaima kumbuyo kwa wina. Lowani kwaya ya kutchalitchi, gulu la kaswida kumzikiti, bandi ya pasukulu, kapena bandi iliyonse imene imayeserera masiku odziwika. Kumeneko mukaphunzira zimene foni siphunzitsa. Mukafika nthawi isanakwane, mukanyamula masipika, mukaphunzira kupinda chingwe cha maikolofoni kuti chisaduke mkati, mukamvetsera woyimba bezi ndi wang'oma akubwereza kagawo kamodzikamodzi mpaka phazi la uyu ndi chala cha uyo zigwere pamodzi. Mtsogoleri akakweza dzanja nyimbo ili pakati n'kunena kuti wina watsika, mudzayamba kumva ndi makutu anu kuti watsikayo ndani, ndipo tsiku lina mudzazindikira kuti ndinu. Zimenezi zimachititsa manyazi, koma manyazi a m'chipinda choyeserera ndi abwino kuposa a pasiteji anthu atalipira.

Phunzirani chida chimodzi, gitala kaya kiyibodi kaya ng'oma, mpaka chizikumverani. Sindikunyoza kompyuta. Anyamata ena amapanga nayo zinthu zodabwitsa, ndipo yatsitsa mtengo wojambulira nyimbo moti mwana wa mlimi nayenso akutha kumveka. Koma woyimba amene amangodalira kiyibodi ya wina ndi kompyuta ya wina amakhala wopemphapempha moyo wake wonse. Wodziwa chida ndiye amafunidwa: lero paukwati, mawa pamsonkhano wa mpingo, mkuja kusitudiyo kukayimbira nyimbo ya munthu wina n'kulandira zake pompo. Oyimba otchuka amabwera n'kupita, koma wa bezi wabwino amaitanidwa ndi onsewo. Malo ophunzirira aliponso. Ku Andiamo, pa Balaka pomwepa, achinyamata akhala akuphunzira nyimbo kwa zaka zambiri. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a nyimbo ndi zisudzo, ndipo ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy.

Tsopano tikambe za ndalama, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwera.

M'zaka za m'ma 1990 njira inali yooneka. Woyimba ankajambula chimbale, n'kupita nacho ku Limbe kwa O.G. Issa, amene ankachulukitsa makaseti n'kuwagulitsa dziko lonse. Oyimba ankadandaula kuti gawo lawo ndi laling'ono, koma kaseti inali chinthu chogwirika, chogulidwa ndi ndalama, ndipo ena anamangira nyumba makaseti omwewo. Msika umenewo unatha. Lero nyimbo yanu ikatuluka m'mawa, pofika madzulo ili pa WhatsApp, ndipo mnyamata wa kompyuta pamsika wa Ntaja akuiika mu memore khadi pamodzi ndi nyimbo zina mazanamazana, ndalama n'kulowa m'thumba mwake. Spotify inafika kuno mu 2021, YouTube nayo ilipo, koma nyimbo ikamvedwa kamodzi kumeneko mwini wake sapeza ngakhale senti imodzi ya ku America, ndipo anthu athu ambiri sakhala ndi bandulo yomvetsera nyimbo pa intaneti tsiku lonse. Agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anatchuka dziko lonse lapansi pamene nyimbo yawo ya Linny Hoo, imene anaiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok kwa anthu mamiliyoni ambirimbiri. Kutchuka kumeneko kunafika kutali kwambiri kuposa ndalama zimene zinabwerera kumudzi. Masiku ano nyimbo yojambulidwa imangolengeza kuti inu mulipo. Chakudya chili kwina: pasiteji, paukwati, pa zochitika za makampani ndi mabungwe, m'nyimbo zotsatsa malonda, m'kuphunzitsa ena, m'kubwereketsa zida.

Ndipo siteji nayo ili ndi masamu ake. Tinene kuti mwakonza zoyimba mu holo ina pa Liwonde, pageti mwaika K3,000, ndipo alowa anthu 200. Mutu ukuuzani kuti mwapha K600,000. Dikirani kaye. Holo ndi yolipira. Lole yonyamula zida kuchokera ku Balaka ndi yolipira, kupita ndi kubwera. Jenereta iyenera kukhalapo ndi mafuta ake, pakuti magetsi sapangana ndi munthu. Achitetezo alandire zawo, amene anasindikiza mapepala olengeza alandire zawo, wailesi imene inalengeza ilandire zake. Oyimba m'bandi adye, agone, apatsidwe kangachepe kopita nako kwa akazi awo. Kenaka pali msuweni wanu amene munamuika pageti chifukwa ndi wachibale, ndipo theka la anzake a mpira alowa ulere, iye akuti sakanawakaniza. Mukachotsera zonsezi mupeza kuti amene wapindula ndi mwini bala. Masamu amenewa muziwachita papepala musanamate chikalata ngakhale chimodzi pamtengo, ndipo pageti muziika munthu amene mungathe kumufunsa mafunso osaopa kuti azakhali akwiya.

Muzidziwanso kalendala ya kwanu. Kuno ndalama zimayenda ndi zokolola. Anthu akagulitsa thonje ku Balaka, mpunga wa m'madambo a Chilwa, nandolo ndi fodya, m'matumba mumakhala kanthu, maukwati amachuluka, zinamwali zimatuluka, ndipo woyimba amasowa tsiku lopuma. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ina. Munthu amene akusaka thumba la feteleza ndi fizi ya mwana sangalipire pageti, ngakhale mutayimba bwanji. M'madera ambiri a Machinga mwezi wa Ramadani zisangalalo zimachepa, ndipo wokonza dansi nthawi imeneyo amaonetsa kuti sadziwa kumene ali. Choncho ndalama za mu Ogasiti zisamathere mu Ogasiti. Limani munda wanu ngati wina aliyense, lowani banki mkhonde, khalani ndi kantchito kena kamene kamabweretsa ufa m'nyumba nyengo yamvula. Palibe chamanyazi kuti woyimba akhale telala, kalipentala kapena mphunzitsi. Chamanyazi ndi kumveka pa wailesi m'mawa, madzulo n'kukakongola sopo kwa aneba.

Za mapepala ndiye ndikugwadireni. Ife Amalawi timaopa kupempha kuti mgwirizano ulembedwe, timati tioneka ngati sitikhulupirira mnzathu. Mwa njira imeneyi oyimba ambiri adyeredwa masuku pamutu. Wina akakuitanani kukayimba, gwirizanani mtengo, nthawi yoyamba ndi yomaliza, amene alipire mayendedwe ndi chakudya, ndipo theka la ndalama lilowe pa Mpamba kapena pa Airtel Money musanakwere galimoto. Zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pafoni umene mungausunge. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mawu akuti tidzaonana zikatha akhumudwitsa oyimba ambiri amene anapezeka ali pa depoti usiku opanda ndi ya minibasi yomwe, wowaitana atazimitsa foni.

Kusitudiyo nakonso chimodzimodzi. Musanayambe kujambula funsani kuti mukalipira, nyimboyo ikhala ya yani. Funsani ngati wojambulayo ali ndi ufulu wogulitsa kamvekedwe komweko kwa woyimba wina. Mukamaliza tengani mafayilo onse, osati kanyimbo kotumizidwa pa WhatsApp kokha, n'kuwasunga malo awiri, chifukwa kompyuta za m'masitudiyo athu zimafa ndi nyimbo za anthu mkati. Mukapeka nyimbo awiri kapena atatu, lembani tsiku lomwelo kuti mawu ndi a uje, mayimbidwe ndi a uje, mugawana motere. Nyimbo isanatchuke aliyense amakhala wofatsa ndipo kugawana n'kosavuta. Ikatchuka, anthu amene ankadyera mbale imodzi amakaonana kukhoti.

Kenaka kalembetseni ku COSOMA. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo za anthu, monga mawailesi, mahotela ndi malo achisangalalo, n'kuzigawa kwa eni ake. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsanso msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mamemore khadi, ndipo ndalama zimenezo zimagawidwa kwa amene analembetsa ntchito zawo. Oyimba amadandaula kuti zimachedwa kapena zimachepa, ndipo nthawi zina madandaulowo amakhala omveka. Koma wosalembetsa alibe ngakhale podandaulira. Dziwaninso kuti umwini wa nyimbo suthera pamanda. Umapitirira zaka 50 mwini wake atamwalira, kutanthauza kuti nyimbo ndi chuma chamasiye chimene ana anu angadzadye ngati mapepala ali bwino.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri Lucius, kuposa mawu ake, ndi chakuti anazindikira msanga kuti woyimba wongodikira kuitanidwa amakhala wantchito wa ena. Anakhala ndi bandi yake, zida zake, malo ake. Kuyambira mu 2010 anayamba kukonza Sand Music Festival m'mphepete mwa nyanja, n'kumaitana oyimba akunja monga Busy Signal wa ku Jamaica ndi Diamond Platnumz wa ku Tanzania. Mwana wa ku Sosola anasanduka wolemba ena ntchito. Ndipo mukayang'anitsitsa chikondwerero ngati chimenecho muona kuti amene akudya nyimbo si okhawo ali ndi maikolofoni. Pali wosakaniza mawu amene wakhala pakati pa anthu ndi makina ake, pali wa magetsi, wojambula kanema, wokonza masipika akapsa, wosunga ndalama, woyendetsa ndondomeko. Ena mwa inu mumakonda nyimbo ndi mtima wonse koma mawu anakukanani, ndipo anzanu akuopa kukuuzani. Musataye zaka mukukakamira kutsogolo. Dziko lino lili ndi oyimba ambiri kuposa anthu odziwa kukonza kamvekedwe ka bandi mu holo ya malata, ndipo munthu wotereyu sagona ndi njala.

Andale adzakufunani, makamaka chaka cha chisankho. Adzabwera ndi ndalama zimene simunazigwirepo, kuti muwapekere nyimbo. Sindikuletsani, aliyense ali ndi ufulu wake, koma lowani maso ali tcheru. Lucius yemweyo analowa ndale mwakuya. Anakhala phungu wa kumpoto kwa Balaka mu 2004 pa tikiti ya UDF. Mu 2006 anataya mpandowo n'kukalowa ndende ya Zomba pa mlandu wokhudza satifiketi ya sukulu, ndipo chimbale cha Cell 51 Maximum chinabadwira m'masautso amenewo. Panalinso nthawi, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, imene nyimbo zake sizinkamveka pa MBC. Iye anadzukanso, anabwerera ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, chifukwa anali ndi anthu amene anamukonda kuyambira pa nyimbo ya Mabala, ndale zisanamukhudze. Inu amene muli ndi nyimbo ziwiri, mukavala mtundu wa chipani lero, theka la dziko lasiya kukumverani, ndipo chipanicho chikagwa mugwa nacho. Walira mvula walira matope. Ndipo nkhani ya satifiketi ija ndaitchula dala, osati ponyoza malemu amene tonse tinamulira mu 2024. Malizani Folomu 4. Khomo limene lidzafune pepala limenelo simulidziwa lero, ndiponso mgwirizano wa kampani umabwera m'Chingerezi chovuta chimene muyenera kuchiwerenga nokha.

Inu atsikana, njira yanu ili ndi minga yoonjezera. Alipo ojambula nyimbo, oulutsa mawu ndi okonza zoyimba amene adzakuuzani kuti ndalama musadandaule, tidzamvana. Mukamva mawu amenewo dziwani kuti mtengo wake ndi wokwera kuposa ndalama. Lipirani situdiyo ngati wina aliyense, landirani lisiti, pitani masana, ndipo pitani ndi mchemwali kapena mlongo wanu. Wendy Harawa anadutsa mu Zembani n'kudzaima payekha, ndipo alipo amayi ambiri amene akudya nyimbo mwaulemu wawo. Inu anyamata a m'bandi, mtsikana amene mukuyimba naye ndi mnzanu wa pantchito, mumutenge choncho.

Za mowa sindichulutsa. Malo anu a ntchito ndi kumene ena amapita kukamwa, ndipo okukondani adzakugulirani botolo m'malo mokupatsani ndalama. Taika m'manda oyimba ambiri amene akanakhala akuyimbabe lero. Woyimba alibe penshoni, alibe bwana womulipirira chipatala, ndipo taona kangati anthu otchuka akupemphetsa thandizo pa wailesi matenda atawagwira.

Makolo anu akamakana, musawaone ngati adani. Iwo anaona oyimba akufa ali amphawi, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Mawu okha sangawatembenuze. Asonyezeni kope limene mwalembamo zimene mwapeza ndi zimene mwawononga miyezi yapitayi, gulani thumba la chimanga ndi ndalama ya kuukwati kumene munakayimba, fikani kunyumba nthawi imene munanena. Bambo amene ankati gitala ndi ya anthu osokonekera mudzawamva akuuza anzawo pabwalo kuti mwana wanga uja ndiye anayimba paukwati wa kwa amfumu.

Chatsala ndi chakuti muyimba chiyani. Rege ya ku Balaka inagwira mitima chifukwa inafika pa nthawi yake. Dziko linali litangovota pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, anthu anali ndi zambiri zimene anazisunga m'mimba zaka 30, ndipo anyamata a kuno anazinena m'Chichewa chimene mayi wogulitsa tomato ankachimva. Kamvekedwe anatengako kwa a Lucky Dube ndi ku Jamaica, koma nkhani zinali zathu. Lero ndikumva ambiri mwa inu mukuyesetsa kumveka ngati a ku Lagos kapena a amapiano a ku South Africa. Mverani zonsezo, phunziranipo, koma dziwani kuti eni ake alipo ndipo simungawapose pa zawo. Pamene inu a ku Machinga mwakhalira chuma. Manganje, beni, likwata, sikiri, nyimbo za asodzi a pa Chilwa ndi pa Chiuta, Chiyao ndi Chilomwe chimene ena mwa inu mumachita nacho manyazi mukafika m'tauni, zonsezi wa ku Lagos alibe. Pitani kwa anganga anu ku Nsanama kapena ku Nayuchi ndi foni yomweyo, muwapemphe akuyimbireni, mujambule, muphunzire mmene ng'oma zimayankhirana.

Koma potero mufunse kaye. Nyimbo zina za kundagala ndi za kunsondo si zotulutsira pabwalo, ndipo angaliba ndi anankungwi adzakuuzani zimene mungatenge ndi zimene muyenera kuzisiya komweko. Amene wakuphunzitsani nyimbo mulembe dzina lake, ndipo ikakupindulirani mukamuone. Musakalembetse nyimbo yamakolo ngati kuti munaipeka ndinu. Lamulo limaika nyimbo zoterezi m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, choncho pokalembetsa ku COSOMA mukanene poyera kuti iyi ndi yamakolo, inu mwangoikonza mwatsopano, ndipo mukafunse za chilolezo musanayambe kuigulitsa.